Chipata Chothetsa Ludzu la Mtundu Wonse

Kuseri kwa mapiri amene sapezeka pa mapu a kusukulu kuli ufumu wa Zilibwino. Mukadzafikako musadzavutike n'kufunsa anthu kuti adzuka bwanji, pakuti yankho lake ndi dzina la dzikolo. Munthu denga litamugwera amatuluka m'zogumukazo, n'kudzisasa fumbi, n'kunena kuti zili bwino. Si kuti anthuwo ndi opusa ayi. Kumeneko kuli lamulo lakale, limene ana amaliloweza asanadziwe kumanga zingwe za nsapato, loti chinthu cha mfumu sachinenera chimene sichingathe. Khasu la mfumu silibuntha. Msewu wa mfumu ulibe maenje, uli ndi malo opumirapo matayala. Wonena zosiyana ndi zimenezi amakakhala zaka zisanu kundende, imenenso satchula kuti ndende koma Nyumba ya Chisomo.

Chaka china Mfumu Chosalakwa Wachitatu inabwera kuchokera kunja ndi wantchito watsopano. Wantchitoyo sanali munthu. Anali makina oganiza, aja oti ukawalankhula amakuyankha, okhala m'bokosi lachitsulo m'chipinda chozizira cha kunyumba yachifumu. Miyendo analibe, maso analibe, koma ankati akadzamulumikiza ndi mawaya ku zipangizo makumi anayi za boma, adzatha kuyatsa magetsi a mumsewu, kuliza belu la moto, kutumiza malole, kutsegula mipope ya kumsika ngakhalenso chipata cha damu. Ukamutuma chilichonse ankayankha kuti, "Ndamva," ndiye anthu anangomutcha Ndamva. Amayi a kumsika ankati mfumu yangotaya nthawi kupita kunja, chifukwa nduna zake zonse liwu limeneli zimalidziwa kale.

Koma Ndamva anali ndi khalidwe lake. Poti sankaona, chipangizo chilichonse ankachidziwira pa khadi lake, pamene pankalembedwa ntchito ya chipangizocho. Ukamutuma ankawerenga makhadi onse makumi anayi n'kusankha chipangizo chimene mawu ake akugwirizana ndi ntchitoyo. Amene anagulitsa makinawo anachenjeza kuti asamulumikize ku zipangizo zenizeni munthu wina asanayese ngati makhadiwo akumulondolera bwino.

Makhadiwo analemba ndi Nduna ya Zoyamika, Bambo Kanyambita, munthu amene kwa zaka makumi atatu sananenepo chiganizo chopanda dzina la mfumu. Ndipo ntchito yoyesa inagwera Mayi Velina Kamdzeka, woyesa masikelo pa msika wa Tidzaona. M'boma lonse ndi iwo okha amene ntchito yawo inali kuona ngati zolembedwa zikufanana ndi zimene zilipo. Anapulumuka zaka zonsezi chifukwa masikelo anali a ogulitsa nyama ndi mchere, sanali a mfumu.

Mayi Kamdzeka ankakhala ku Pansipadamu, kuseri kwa msika, m'nyumba ya zipinda zitatu. Njerwa zake anaumba okha, anaotcha okha, ndipo anamanga kwa zaka khumi ndi chimodzi amuna awo atamwalira. Aliyense wowadziwa ankadziwanso nyumbayo, chifukwa nkhani iliyonse, kaya ya maliro kaya ya mitengo ya nyemba, inkathera pa khonde lake lasimenti yofiira. Ukaima pakhondepo n'kukweza maso, unkaona khoma la damu pamwamba pa phiri.

Lolemba anawalowetsa m'chipinda chozizira chija. Pakhoma panali bolodi la mababu makumi anayi, babu lililonse loimira chipangizo chimodzi. Iwo ankangoyenera kutchula ntchito, kuona babu limene layaka, n'kulemba m'buku.

Anayamba ndi yophweka. Anati nyumba ikupsa m'tauni. Ndamva anati wamva, n'kuyatsa babu la magetsi a mumsewu. Mayi Kamdzeka anatola khadi lake n'kupeza palembedwa kuti, "Kuwala kwa mfumu kumene kumagonjetsa zoopsa zonse." Pa khadi la belu la moto panalembedwa kuti, "Liwu lokoma la ufumu, loitanira anthu ku chimwemwe," pakuti mumzinda wa mfumu moto subuka. Anayesa ina. Anati ana a sukulu alibe chakudya. Ndamva anayatsa babu la chitseko cha ndende, chimene khadi lake linkati ndi khomo la chisomo lopatsa aliyense zomuyenera. Apa mayiwo anaseka mpaka kutsokomola, n'kuyang'ana kumbuyo ngati wina wawamva.

Kuseka kunatha atafika pa ntchito yachikhumi ndi chiwiri. Anati anthu a kumsika ali ndi ludzu. Babu la nambala 17 linayaka, ndipo nambala 17 chinali chipata chachikulu cha damu. Anasintha mawu, anati amayi ogulitsa tomato akufuna madzi akumwa. Babu lomwelo. Anati mwana mmodzi yekha akufuna kapu imodzi yokha. Babu lomwelonso.

"Iwe Ndamva, bwanji sukutsegula mipope?" anafunsa motero.

"Khadi la mipope likuti ndi mikanda yasiliva pakhosi pa msika, mayi," anayankha makinawo mwaulemu. "Mikanda sindingamwetse nayo munthu. Khadi la nambala 17 likuti ndi chothetsa ludzu la mtundu wonse."

Zinalidi choncho. A Kanyambita sanatchule madzi pa khadi la mipope, chifukwa mipopeyo masiku ambiri inkangotulutsa mphepo, ndiye anaona kuti nkhani ya madzi ndi yosafunika kuiputa. Pofika madzulo, pa ntchito makumi anayi Ndamva anakhoza zisanu ndi ziwiri. Potuluka Mayi Kamdzeka anaona pepala la mwambo wa Loweruka litamatidwa pachitseko. Linkati pa tsikulo Ndamva adzalumikizidwa ku zipangizo zenizeni, ndipo mfumu, itaima pakhonde la nyumba yake pamwamba pa phiri, idzapereka lamulo loyamba, lakuti anthu a kumsika ali ndi ludzu.

M'mawa mwake anapita ku ofesi ya nduna ndi buku lawo. A Kanyambita anawerenga manambalawo akumwetulira, n'kunena kuti makinawo ndi mlendo, sanazolowere chikhalidwe chathu, pofika Loweruka adzakhala atazolowera. Mayi Kamdzeka anafunsa mosamala, ngati munthu woponda pa minga, kuti chipata chija chikatseguka chonse madziwo amalowera kuti. Ndunayo inati madzi a mfumu amalowera kumene akufunika. Anafunsanso ngati n'kotheka kuwonjezerapo mawu awiri atatu pa khadilo, ongonena nthawi imene chipatacho sichiyenera kutsegulidwa. Apa kumwetulira kunazima. Ndunayo inawakumbutsa kuti mawu akuti "sichiyenera" akakhala pafupi ndi chinthu cha mfumu amalemera zaka zisanu, n'kuwauza kuti Lachinayi akaonekere ku bwalo la nduna ndi lipoti labwino. A Kanyambita ankakhala ku Pamwambamwamba, kumene madzi amafika ndi mpope basi.

Mayi Kamdzeka anatsika phiri mtima uli m'malere. Ankaopa ndende, inde, koma chimene chinkawawawa kwambiri ndi nyumba ija. Katundu ukhoza kusamutsira kwa mchemwali kumtunda, koma khonde lasimenti sungalisenze pamutu. Atafika pamsika anakhala pa benchi ya mnansi wawo Najere, wogulitsa tomato, n'kumunong'oneza zonse. Najere anapitiriza kupanga milu ya tomato osakweza mutu. Anati iye nkhuku zake azimangirira padenga, ndipo akadzamufunsa adzanena kuti zikufuna kuonera mwambo. Kenako anawonjeza kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma vuto n'lakuti m'mimba mwa a nduna muli zii.

Mawu amenewa anawakumbutsa Mayi Kamdzeka njira yawo ya pantchito. Wogulitsa nyama akakakamira kuti sikelo yake ndi yoona, iwo sankakangana naye. Ankangomuuza kuti nyama yopita kwa apongozi ake aiyezere pa sikelo yomweyo, iwo akuona. Sipanapezekepo ndi mmodzi yemwe wovomera. Anaganizira zimenezi Lachitatu lonse.

Lachinayi bwalo linadzaza. Nduna zinakhala motsatana malinga ndi kutalika kwa mikanjo yawo, ndipo mfumu inakhala pampando wake ikusewera ndi litchowa. Mayi Kamdzeka anagwada, anaomba m'manja, n'kupereka lipoti lopanda bodza ngakhale limodzi. Anati pa ntchito makumi anayi, Ndamva anasankha chipangizo maulendo makumi anayi, osazengereza. Anati maulendo asanu ndi awiri anasankha zimene munthu wamba akanaganiza, koma maulendo makumi atatu ndi atatu anasankha zimene munthu wamba sangaziganize n'komwe. Nduna zinaomba m'manja. A Kanyambita anagwedeza mutu ngati mphunzitsi amene mwana wake wakhoza mayeso.

"Koma ndili ndi dandaulo limodzi, mbuyanga," anatero mayiwo. "Chodabwitsa chotere sachionera patali. Mpando wanu ukanaikidwa pamsika penipeni, pafupi ndi mipope, kuti madzi oyamba afikire inu. Ndipo a nduna amene analemba makhadi okomawa akhale kudzanja lanu lamanja, atagwira kapu."

Mfumu inakondwa kwambiri. Inati kwa zaka zambiri yakhala ikufuna kukhala pafupi ndi anthu ake, kungoti palibe anaiuza kumene amakhala. Pomwepo inalamula kuti mwambo usamukire kumsika wa Tidzaona. A Kanyambita akanati chiyani? Kunena kuti kumsika n'koopsa kukanakhala kunena kuti chipata cha mfumu chikhoza kulakwitsa, ndipo lamulo la zaka zisanu lija ndi iwo amene ankalisunga. Anangoomba nawo m'manja thukuta lili kamukamu, m'chipinda mozizira bwino.

Mayi Kamdzeka anabwerera kwawo osasangalala. Ankadziwa kuti achita juga, ndipo ngati ndunayo ikanauma mutu, ndiye kuti aitanira mfumu, nduna ndi ana a sukulu oimba kwaya kuti adzamire limodzi ndi khonde lawo.

Lachisanu masana pamsika panafika bambo wina wovala magalasi akuda ndi chipewa chachikulu, akunamizira kugula tomato. Najere anamupatsa moni pomutchula udindo wake wonse, n'kumulozera kashedi ka masikelo. A Kanyambita analowa, anatseka chitseko, n'kufunsa motsitsa mawu kuti madziwo, ngati atabwera, amafika pati. Mayi Kamdzeka anawalozera mzere wakuda pakhoma, pamwamba pa chitseko, umene unatsala chaka chija damu linasefukira, chaka chimene m'mabuku a boma chimatchedwa Chaka cha Madalitso Ochuluka. Ndunayo inayang'ana mzerewo, inadziyeza nawo ndi maso, n'kupeza kuti ngakhale chipewacho sichikufikapo.

Inatulutsa makhadi angapo osalembapo ndi cholembera. Inayamba yokha. Inalemba kuti, "Chipata ichi," n'kuima. Dzanja linapitiriza lokha kuti, "chimene mfumu mwa chifundo chake chosatha," ndipo inang'amba. Inayesanso, khadi linatuluka ndi dzuwa, mkango ndi mibadwo yam'tsogolo, madzi osatchulidwa. Munthu wamkuluyo anakhala pa thumba la mchere misozi ili m'maso, n'kuvomera kuti mawu wamba anamuthawa kalekale, sakudziwanso kumene amayambira. Mayi Kamdzeka anamumvera chisoni pang'ono, koma pang'ono pokha.

Anatenga cholemberacho n'kulemba monga ankalembera pa masikelo. Pa khadi loyamba analemba kuti, "Chipata cha nambala 17. Chimatulutsa madzi onse a m'damu nthawi imodzi. Chimamiza msika ndi nyumba za ku Pansipadamu. Osachitsegula pofuna madzi akumwa." Pa lachiwiri analemba kuti, "Mipope ya kumsika. Imatulutsa madzi akumwa. Ilipo isanu, itatu inafa. Tsegulani wachiwiri ndi wachinayi." A Kanyambita anawerenga atatseka diso limodzi ngati akumwa mankhwala owawa. Mayiwo anakana kupereka makhadiwo mpaka ndunayo itadindapo chidindo chake, kuti ngati n'kupita ku Nyumba ya Chisomo apitire limodzi. Anakwera phiri onse awiri, anaika makhadiwo, n'kuyesa katatu. Katatu konse linayaka babu la mipope.

Loweruka msika unasesedwa mpaka mbuzi zinasochera. Mfumu inakhala pansi pa tenti, a Kanyambita kudzanja lamanja atagwira kapu, mkanjo wawo utatupa modabwitsa m'chiuno. Najere analumbira kuti mkatimo munali chubu cha tayala la lole. Nkhuku zake zinali padenga, ndipo madenga ena ambiri analinso ndi nkhuku, mitondo ndi mawailesi, chifukwa ku Zilibwino nkhani yosanenedwa ndi imene imayenda msanga.

Mfumu inaimirira n'kulankhula pa chimkuzamawu kuti anthu ake a kumsika ali ndi ludzu. Ndamva anayankha kuti wamva. Anthu onse, m'malo moyang'ana mipope, anayang'ana kuphiri. Mayi Kamdzeka anayang'ana denga la nyumba yawo, limene linkaonekera kuseri kwa mashedi a nsomba, n'kumapemphera chamumtima. Kenako mpope wachiwiri unatsokomola, unalavula dzimbiri, n'kuyamba kutulutsa madzi. Wachinayi unatsatira. Nthungululu zimene zinamveka tsiku limenelo zinali zenizeni, mwina koyamba m'mbiri ya miyambo ya boma.

Zikanathera pomwepo zikanakoma. Koma mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Mfumu itamwa madzi aja, inafuna kuti anthu aone nzeru za wantchito wake, ndiye inafunsa pa chimkuzamawu kuti wadziwa bwanji chochita. Ndamva, amene sanaloweze lamulo lija ali mwana, anawerenga makhadi awiri aja mokweza, liwu ndi liwu, mpaka pa mipope itatu yakufa. Mawu akuti "chimamiza msika" anamveka mpaka kokwerera basi.

Ana a kwaya anatsala kukamwa kuli yasa. Mfumu inafunsa kuti walemba zimenezi ndani, ndipo Mayi Kamdzeka anagwada pafumbi, ataona kale chitseko cha ndende m'maganizo mwawo. Koma chidindo chinali pa makhadi, ndipo fisi akakhala m'mbuna imodzi ndi iwe amakumba nawo. A Kanyambita anadzigwetsa pansi, chubu n'kulira, n'kufotokoza kuti lamulo limaletsa munthu kuuza munthu mnzake, pamene Ndamva si munthu. Anati makhadiwo si mawu ayi, ndi chakudya cha makina, chimodzimodzi girisi, chinthu chonyansa chimene munthu waulemu sachigwira koma galimoto siyenda popanda icho.

Mfumu inayang'ana kapu, inayang'ana khoma la damu kumtunda, kenako inayang'ana nsapato zake zouma. Musaganize kuti Chosalakwa Wachitatu anali wopusa. Anamvetsa bwino lomwe kumene akanakhala nthawi imeneyo khadi lija likanapanda kusinthidwa. Anakonza pakhosi n'kupereka malamulo atatu. Loyamba, makhadi onse makumi anayi alembedwenso ndi Mayi Kamdzeka m'chinenero chonyansacho. Lachiwiri, makhadiwo ndi chinsinsi cha boma, wouza munthu zolembedwamo zaka zisanu, ndipo Ndamva amuchotsere chimkuzamawu. Lachitatu, zimene anthu amva lero sanazimve. Anthu anayankha onse pamodzi kuti amva. A Kanyambita analandira mendulo.

Nyumba ya Mayi Kamdzeka ilipobe mpaka lero, khonde lake lofiira likupakidwa polishi Loweruka lililonse. Makhadi analembadi onse. Anayendera chipangizo chilichonse, anagogoda, anasuzumira kunsi, anafunsa oyendetsa malole ndi alonda, ndipo Ndamva tsopano amakhoza ntchito makumi atatu ndi zisanu ndi zinayi pa makumi anayi. Mu ufumu wonse wa Zilibwino, amene amauzidwa zoona zokhazokha ndi mmodzi yekha, ndipo alibe nyumba yoti imire. Izi zinkawapweteka mayiwo, makamaka akakumbukira zimene analemba pa khadi la malole zokhudza mizati ya mlatho wa Tiyamike.

Tsiku lina m'mawa akupita kuntchito anakumana ndi Najere pa mlathowo, dengu la tomato lili pamutu, kumbuyo kwake amayi ena asanu ndi mmodzi. Najere anawapatsa moni n'kufunsa, ngati wongocheza, kuti kodi mlathowu uli bwanji masiku ano, poti iwo ndiye amadziwa zinthu. Chapafupi panaima wapolisi.

"Mlatho wa mfumu sugwedezeka, mnzanga," anayankha Mayi Kamdzeka mokweza. "Udzakhalapo mpaka zidzukulu za zidzukulu zathu."

Atatero anavula nsapato, anakwinya chitenje mpaka m'mawondo, n'kutsetserekera kumtsinje. Najere anakhazika bwino dengu lake n'kuwatsata, amayi enawo pambuyo pake, mmodzimmodzi. Wapolisi uja anawayang'ana mpaka atafika pakati pa madzi. Kenako anayang'ana uku ndi uku, n'kuyamba kumasula zingwe za jombo zake.